Strand ya ku Cape Town, Strand ya ku London ndi dzina la mkamwini wa ku Sweden

"Zikomo aphunzitsi. Ine ndimakhala ku Lwandle, pafupi ndi tauni ya Strand kuno ku Cape Town. Mlongo wanga amene ali ku London akuti kumeneko kulinso msewu wotchedwa Strand, koma ulibe mchenga, ulibenso nyanja. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Sweden, ndipo dzina la makolo ake limathera ndi -strand. Kodi mawuwa ndi amodzi? Nanga anthu onse a dzina limeneli ndi a mfunda umodzi ngati a Phiri kapena a Banda kwathu? Ndikufunsanso chifukwa ndikumanga malo ogona alendo ku Salima m'mbali mwa nyanja, ndipo ndikufuna dzina lokhala ndi mawuwa kuti ndikope azungu. Sindikufuna kudzachita manyazi ndi dzina lolakwika." Bambo wa ku Lwandle

Bambo, mtima ukhale m'malo. Khutu lanu silinakunamizeni. Tauni imene mukukhalamo, msewu umene mlongo wanu amadutsa ku London, ndi kachidutswa kakumapeto kwa dzina la mkamwini wanu, onsewa ndi mawu amodzi ndipo tanthauzo lake ndi gombe. Pa za mfunda, yankho ndi ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Pa za chikwangwani cha ku Salima, musathamangire kulipira wolemba, pali zingapo zoti muzione kaye.

Tiyambe ndi chibale cha zilankhulozi. Ife timati munthu, Mswahili amati mtu, Mzulu amati umuntu, ndipo palibe amene anabera mnzake, tonse tinatengera kwa kholo limodzi. Chimodzimodzi Chingerezi, Chijeremani, Chidatchi, Chiafirikanzi, Chiswidishi, Chidanishi, chilankhulo cha ku Norway ndi cha ku Iceland. Zonsezi ndi za banja limodzi lotchedwa Chijeremaniki, ndipo kholo lake linkalankhulidwa kum'mwera kwa Scandinavia (dera la Sweden, Norway ndi Denmark) ndi kumpoto kwa Germany zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kholo limenelo silinasiye mabuku. Akatswiri amayerekezera ana ake n'kuona kuti mawu akalewo ayenera kuti ankamveka ngati strandō, ndipo ambiri mwa iwo amawalumikiza ndi muzu wakale kwambiri wotanthauza kuyala kapena kutambasuka. Zikumveka ndithu, poti gombe ndi pamene dziko limayalika moyang'anana ndi madzi, koma mfundo ya muzuyi muitenge ngati ganizo la akatswiri, osati chinthu cholembedwa pamwala.

Polemba, mawuwa amaoneka ofanana pafupifupi paliponse, koma pakamwa amasiyana. Mjeremani amatchula ngati "shtrant", ndipo akakhala magombe ambiri amati Strände. Mdatchi ndi wolankhula Chiafirikanzi amati "strant", d wakumapeto amamveka ngati t. Ambiri ndi stranden m'Chidatchi, strande m'Chiafirikanzi. Mswidishi amamutchula d uja momveka, ndipo ambiri ndi stränder. Wa ku Denmark ndi wa ku Norway amamumeza d, mumangomva "stran". Ku Iceland amalemba strönd, ku zilumba za Faroe strond. Mukamva mkamwini wanu akutchula dzina lake mosiyana ndi mmene anzanu a ku ntchito amatchulira dzina la tauni yanu, musaganize kuti wina akulakwitsa.

Chosangalatsa n'chakuti mawuwa anali a anthu a kunyanja. M'Chingerezi chakale alimo, m'chilankhulo cha ma Viking, anthu akale oyenda panyanja a ku Scandinavia, alimo ngati strǫnd, koma m'Chijeremani chakale cha kum'mwera, kumapiri kutali ndi nyanja yamchere, munalibe. Anthu a kumeneko anadzawalandira cha m'zaka za m'ma 1200 kuchokera kwa abale awo a kumpoto, a m'madoko. Atakhazikika m'Chijeremani anapitirira ulendo. Ku Hungary strand ndi malo osambira, ngakhale akhale dziwe losambiramo lomangidwa ndi simenti pakati pa tauni. Ku Romania amalemba ștrand ndi tanthauzo lomwelo. Mumzinda wa Novi Sad ku Serbia, gombe lotchuka la mtsinje wa Danube limangotchedwa Štrand. Afalansa nawo ali ndi estran, kutanthauza chigawo cha gombe chimene madzi amachiphimba nyanja ikadzaza n'kuchisiya poyera ikaphwa.

Chitsanzo chimene chingakukomereni kwambiri ndi cha ku Finland. Chifinishi si cha banja la Chijeremaniki, koma chinabwereka mawuwa kalekale. Vuto linali lakuti pakamwa pa Mfinishi wakale sipankalola zilembo zitatu s, t ndi r kuunjikana kumayambiriro kwa mawu. Ife tikakumana ndi vuto lomweli timalowetsa mavawelo pakati, ndiye chifukwa chake tili ndi sitolo, sukulu ndi sitima, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Lwandle mumamva anthu akumudzi akuti "Sitirandi". Afinishi anachita zosiyana: anadula s ndi t n'kutsala ndi ranta. Ku Estonia kunatsala rand. Pali mzinda wina kum'mawa kwa Finland, m'mbali mwa nyanja ya Saimaa, umene uli ndi mayina awiri. M'Chifinishi ndi Lappeenranta, m'Chiswidishi ndi Villmanstrand. Mbali zoyamba za mayinawa n'zosiyana, koma zakumapeto, ranta ndi strand, ndi mawu amodzi amene anasiyana njira n'kudzakumananso pa chikwangwani chimodzi.

Tsono tanthauzo lenilenilo silofanana ndendende m'zilankhulo zonse, ndipo apa mpamene pakukhudza bizinesi yanu. Kwa Mswidishi, strand ndi malire alionse a mtunda ndi madzi: nyanja yamchere, nyanja ya madzi abwino, mtsinje, kaya pali mchenga, miyala kapena bango. Lamulo lawo loteteza magombe, limene amati strandskydd, limaletsa kumanga mwachisawawa pa mtunda wa mamita 100 kuchokera m'madzi, ndipo malo ena limafika mamita 300, ndipo limakhudza nyanja ndi mitsinje yomwe. Kwa Mjeremani ndi Mdatchi tanthauzo linachepa. Iwo akamva Strand amaona malo athyathyathya, makamaka amchenga, oti munthu n'kuyalapo nsalu n'kugona. M'mbali mwa mtsinje kapena mwa nyanja ya pakati pa dziko Mjeremani amati Ufer, Mdatchi amati oever, pokhapokha ngati pakonzedwa malo osambira, monga Strandbad Wannsee ku Berlin. Dera lonse loyandikana ndi nyanja yamchere ndi Küste m'Chijeremani, kust m'Chidatchi ndi m'Chiswidishi, ndipo mawu amenewo si a m'banjali, anachokera ku Chilatini kudzera ku Chifalansa.

M'Chingerezi mawuwa anagonja. Shore analowa m'zaka za m'ma 1300, beach anatulukira m'zaka za m'ma 1500 ndipo poyamba ankatanthauza timiyala tosalala ta pagombe, ndiye strand anakankhidwira m'ndakatulo ndi m'mayina a malo. Mngelezi wa lero sanena kuti akupita ku strand kukasambira. Makamaka ku Ireland ndi kumene mawuwa akadali amoyo pakamwa pa anthu wamba, n'chifukwa chake kuli Sandymount Strand ku Dublin, Inch Strand ndi Banna Strand ku Kerry, ndi Portstewart Strand kumpoto. Chimene chinatsala ndi mphamvu m'Chingerezi ndi mneni wake. Chombo chikatitimira pamchenga n'kukanika kuyenda amati stranded, Mjeremani amati gestrandet, ndipo masiku ano mawuwa amanenedwa kwa aliyense wosowa mtengo wogwira: basi yamuthawa, ndalama zamuthera, ali pa depoti usiku. Mukumbukire zimenezi, tibwererako. Palinso strand wina wa Chingerezi wotanthauza luzi limodzi la chingwe kapena tsitsi limodzi. Ameneyo ndi mawu ena, angofanana kalembedwe.

Tibwere kwa mlongo wanu. Msewu wa Strand umayambira pa Trafalgar Square n'kukathera pa Temple Bar pamene umasanduka Fleet Street, mtunda wa kilomita imodzi ndi pang'ono. Akunena zoona kuti palibe mchenga. Koma kale mtsinje wa Thames unali wotakata kuposa lero, ndipo njirayi inkadutsa pamwamba pa gombe lake lakumpoto, kulumikiza mzinda wa amalonda wa London ndi Westminster kumene kunali mafumu. M'zolemba za m'ma 1100 dzinali likupezeka ngati Stronde. Mabishopu ndi nduna anamanga nyumba zawo zikuluzikulu pakati pa msewu ndi mtsinje, khomo lina loyang'ana kumsewu, lina lotsikira ku bwato. Pakati pa 1865 ndi 1870 injiniya Joseph Bazalgette anamanga khoma la Victoria Embankment, n'kukwirira mbali ya mtsinje kuti adutsitsemo mipope ya zonyansa ndi njanji ya pansi pa nthaka. Muwauze mlongo wanu atsike kuchokera pa siteshoni ya Charing Cross kulowera ku mtsinje, alowe m'munda wa Victoria Embankment Gardens. Akapezamo chipata chamiyala chotchedwa York Watergate, chomangidwa mu 1626. Pachipata pamenepo mpamene mabwato ankakocheza. Lero chazunguliridwa ndi kapinga ndi mipando yopumirapo, ndipo madzi ali mamita oposa 100 kutsogolo. Mumsewu wa Strand womwewo, pa nambala 429, mpamene pali Zimbabwe House, ofesi ya kazembe wa dziko la Zimbabwe.

Inunso simufunika kukwera ndege kuti muone zoterezi. Mukatsika sitima kapena takisi pa siteshoni yaikulu ya Cape Town n'kutulukira ku Strand Street, imani muyang'ane. Mukuona nyumba zosanja, magalimoto, ogulitsa m'mbali mwa msewu, nyanja osaiona. Koma msewu umenewo unkatsata gombe la Table Bay, ndipo mafunde ankafika pafupi ndi makoma a Castle of Good Hope, linga limene Adatchi anamanga pakati pa 1666 ndi 1679. Dera lonse la Foreshore, pakati pa msewuwo ndi doko, ndi nthaka imene anthu analanda kunyanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndi m'ma 1940 pomanga doko latsopano. Dzina la malo limakuuzani pamene madzi anali tsiku limene dzinalo linkaperekedwa, ndipo limakakamira ngakhale madziwo atasamuka.

Nthawi zina ndi mtunda umene umachoka. Kumpoto kwa Germany kunali chilumba chachikulu chachonde chotchedwa Strand. Usiku wa pa 11 kucha 12 Okutobala 1634 chimphepo chinakankha nyanja ya North Sea, madzi anagumula makoma otchinga, ndipo anthu oposa 6,000 a pachilumbapo anafa. Zimene zinatsala ndi zidutswa: Pellworm, Nordstrand ndi kachilumba ka Nordstrandischmoor. Amene angamasulire Nordstrand ya kumeneko kuti ndi gombe lakumpoto chabe, osadziwa za chilumba chomwe chinamira, waphonya theka la nkhani.

Tauni yanu ili ndi mbiri yosavuta. Inkatchedwa Somerset Strand, kutanthauza gombe la anthu a ku Somerset West, ndipo mu 1937 dzina linafupikitsidwa kukhala Strand. Abale ake ndi ambiri m'chigawocho: Bloubergstrand ndi gombe la phiri lobiriwira ngati thambo, Melkbosstrand ndi gombe la zitsamba zotuluka utomoni woyera ngati mkaka, Strandfontein ndi kasupe wa pagombe, ndipo Overstrand ndi dzina la khonsolo ya dera la Hermanus. Fisi wofiirira amene amayenda m'magombe kufuna zakufa amatchedwa strandwolf. Ndipo poti ulwandle m'Chixhosa ndi nyanja, ndiye kuti inu mumagona ku Nyanja n'kumakagula zinthu ku Gombe. Gombe lomwelo pa nthawi ya tsankho linali ndi zikwangwani zoti ndi la azungu okha, ndipo mu 1989 Archbishop Desmond Tutu anali patsogolo pa zionetsero zokana lamuloli ku Strand ndi ku Bloubergstrand.

Ku Scandinavia mayina otere ndi osawerengeka. Ku Norway kuli Tvedestrand, Holmestrand, Balestrand, ndi boma laling'ono la Strand m'chigawo cha Rogaland, kumene kuli thanthwe lotchuka la Preikestolen lotalika mamita 604 pamwamba pa madzi. Ku Sweden kuli Marstrand ndi msewu wa Strandvägen ku Stockholm, ku Denmark kuli Strandvejen wochokera ku Copenhagen kulowera kumpoto. Mukaona Stranda kapena Stranden, musadabwe ndi mchira. Zilankhulo zimenezi zimamata kumapeto kachidutswa kosonyeza kuti chinthucho n'chodziwika kale, ngati mmene ife timanenera kuti gombelo. Ku Iceland vawelo imasinthasintha: Skagaströnd ndi gombe limodzi, Strandir ndi Hornstrandir ndi ambiri.

Chenjezo limodzi pa mayina a malo: kufanana kwa zilembo si umboni. Stranraer ya ku Scotland ndi dzina la Chigeliki, chilankhulo chakale cha kumeneko, lotanthauza mphuno yonenepa, kunena za ndomo ya mtunda. Strangford ya ku Ireland ndi dzina la ma Viking lonena za madzi othamanga mwamphamvu polowera kunyanja. Stroud ya ku England imachokera ku mawu akale otanthauza dambo la zitsamba. Stralsund ya ku Germany ili pagombe ndithu, koma mbali yake yoyamba ndi ya Chisilavo, banja la zilankhulo monga Chipolishi ndi Chirasha. Lamulo la akatswiri a mayina ndi lakuti usamasulire dzina usanaone mmene linalembedwera m'chikalata chakale kwambiri chimene chilipo. Komanso gombe limabisala m'mayina amene alibe strand n'komwe: -or wa mu Windsor amachokera ku ōra, mawu a Chingerezi chakale otanthauza m'mphepete mwa mtsinje, ndipo -eyri wa mu Akureyri ya ku Iceland ndi -ør wa mu Helsingør ya ku Denmark ndi mchenga kapena timiyala totundumuka m'madzi.

Tsopano za mkamwini. Kwathu Phiri ndi mfunda. A Phiri awiri akakumana pa basi, wina wa ku Kasungu wina wa ku Chipata, amatha kutchulana pachibale. Mswidishi wotchedwa Berg, limenenso ndi phiri, sangachite zimenezo ndi Berg mnzake, ndipo a Strand nawonso ayi. Chifukwa chake chili m'mene mayinawa anabwerera.

Kwa zaka mazana ambiri anthu wamba a ku Scandinavia analibe dzina la banja lokhazikika. Mwana ankatchedwa ndi dzina la bambo ake: mwana wamwamuna wa Anders ndi Andersson, wamkazi ndi Andersdotter, ndipo m'badwo wotsatira dzina linkasinthanso. Ku Iceland akadachitabe zimenezi mpaka lero. Ku Norway ankawonjezerapo dzina la famu imene munthu akukhala, ngati adiresi. Ola mwana wa Per wokhala pa famu yotchedwa Strand ankalembedwa Ola Persen Strand, koma akasamukira pa famu ina dzina lachitatulo linkasintha. Wantchito wa pafamupo, wosakhala m'bale, ankalembedwanso Strand. Lamulo la 1923 ndi limene linakakamiza aliyense kukhala ndi dzina la banja losasintha, ndipo ambiri anangotenga la famu imene anali pa nthawiyo. Popeza dziko la Norway ndi magombe okhaokha, mafamu otchedwa Strand analipo ambirimbiri m'zigawo zotalikirana, ndipo mabanja ake sadziwana.

Ku Sweden, kumene kukuchokera mkamwini wanu, njira inali ina, ndipo dzina lothera ndi -strand kawirikawiri ndi la mtundu uwu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 anthu a m'matauni, amisiri ndi amalonda, anayamba kudzipangira mayina polumikiza mawu awiri a zachilengedwe, ndipo m'zaka za m'ma 1800 chizolowezichi chinafalikira kwa anthu ambiri. Ek ndi mtengo wa oki, lind ndi mtengo wina, sjö ndi nyanja, berg ndi phiri, nord ndi kumpoto. Apo mwapeza Ekstrand, Lindstrand, Sjöstrand, Bergstrand, Nordstrand, komanso Strandberg potembenuza. Allvar Gullstrand, dokotala wa maso amene analandira mphoto ya Nobel mu 1911, anali ndi dzina la mtundu womwewu. Nthawi zambiri mbali yoyamba inkatengedwa ku dzina la mudzi umene munthuyo anabadwira, ndipo yachiwiri inkasankhidwa chifukwa chongokoma m'khutu. Choncho dzina ngati Bergstrand silikutsimikizira kuti kholo linkakhala pa gombe la pansi pa phiri. Mwina silinaonepo n'komwe gombe lotero. Ana a bambo mmodzi ankatha kusankha mayina osiyana, ndipo anthu osadziwana ankatha kusankha lofanana.

Pali gwero lachitatu limene limasokoneza ambiri ofufuza mbiri ya mabanja a ku Sweden: mayina a usilikali. Kuyambira m'ma 1680 mpaka 1901, mafamu angapo ankasonkherana kusunga msilikali mmodzi, kumupatsa kanyumba ndi kamunda. Popeza gulu limodzi linkatha kukhala ndi a Andersson khumi, mkulu wa asilikali ankapatsa aliyense dzina lalifupi, ndipo Strand linali limodzi mwa mayina otere. Msilikali akafa kapena kupuma, wolowa m'malo mwake nthawi zambiri ankalandira kanyumbako pamodzi ndi dzina lomwelo. Wofufuza wosadziwa amaona a Strand atatu otsatizana m'nyumba imodzi n'kulemba kuti agogo, bambo ndi mwana, pamene ndi anthu atatu osagwirizana magazi.

Ndipo ena anangosintha dzina atasamuka. Paul Strand, katswiri wojambula zithunzi wa ku America amene anabadwa mu 1890, sanali wa ku Scandinavia. Banja lake linali la Stransky, lochokera ku Bohemia, dera limene lero lili m'dziko la Czech Republic. Nayenso August Strindberg, wolemba mabuku wotchuka wa ku Sweden, musamuike m'gululi. Dzina la banja lake linachokera ku mudzi wa Strinne kumpoto kwa Sweden.

Ngati mwana wanu ndi mwamuna wake akufuna kudziwa kumene dzina lawo linayambira, njira yake ndi yobwerera m'mbuyo m'badwo umodzi umodzi, osadumpha. Ayambe ndi agogo amene tsiku lawo lobadwa ndi parishi yawo zikudziwika bwino. Ku Sweden parishi ndiye kiyi, chifukwa kuyambira lamulo la tchalitchi la 1686 abusa ankalemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, komanso kaundula wa nyumba iliyonse wotchedwa husförhörslängd, mmene muli mayina a onse a m'nyumbamo, kumene anachokera ndi kumene anasamukira. Mabukuwa anajambulidwa ndipo amawerengeka pa intaneti kudzera ku Riksarkivet, nyumba yosunga zolemba zakale za dzikolo. Atsatire mpaka apeze munthu woyamba kulembedwa ndi dzinalo, amene bambo ake anali ndi dzina lothera ndi -son. Akamupeza ayang'ane zinthu ziwiri: ntchito yake, ngati anali msilikali kapena mmisiri, ndi dzina la mudzi umene anabadwira. Kawirikawiri mbali yoyamba ya dzina imaonekera pomwepo. Chimene chimalakwika kwambiri ndi kukhulupirira mitengo ya mabanja imene anthu ena anaika pa intaneti popanda kuona buku lenileni, ndi kuiwala kuti mlembi wakale ankalemba dzina limodzi m'njira zingapo. Kwa a ku Norway, Digitalarkivet ili ndi kalembera wa 1801, 1865, 1900 ndi 1910 waulere, ndipo mayina a mafamu anasonkhanitsidwa m'mabuku a Oluf Rygh otchedwa Norske Gaardnavne. Zolemba za pamanja za m'ma 1700 zikawakanika kuwerenga, kapena dzina la mudzi likakhala losamveka, apo mpofunika thandizo: mabungwe a ofufuza mbiri ya mabanja alipo m'zigawo zonse za Sweden, ndipo Institutet för språk och folkminnen ku Uppsala imasunga kaundula wa mayina a malo ndipo imayankha mafunso a anthu.

Tifike ku Salima. Choyamba ndi kalumikizidwe ka mawu. M'Chichewa chinthu chenicheni chimayamba, chofotokozera chimatsatira: nyumba ya pagombe. M'zilankhulo za Chijeremaniki chinthu chenicheni chimakhala kumapeto. Strandhaus m'Chijeremani, strandhuis m'Chidatchi ndi m'Chiafirikanzi, strandhus ku Scandinavia, zonsezi ndi nyumba ya pagombe. Mukatembenuza n'kulemba Hausstrand mwanena gombe la nyumba. Sandstrand ndi gombe lamchenga, Strandsand ndi mchenga wa pagombe. Mawu awiriwo amalembedwa mophatikiza, popanda mpata pakati, ndipo musasakanize zilankhulo, monga kutenga mbali ina ku Chidatchi ina ku Chiswidishi. Dzina la Strandloper mulipewe. M'Chidatchi ndi dzina la kambalame koyenda m'mphepete mwa madzi, koma ku South Africa ndi dzinanso limene Adatchi a nthawi ya Jan van Riebeeck, amene anafika mu 1652, anapatsa anthu a mtundu wa Khoikhoi okhala m'magombe, osati limene eniake ankadzitcha.

Chachiwiri, yang'anani pamalo panupo ndi maso a mlendo. Ngati pali mchenga woyalika bwino woti munthu n'kuyenda wopanda nsapato mpaka m'madzi, Mjeremani ndi Mdatchi sadzadandaula. Ngati pali bango, matope kapena miyala yotsetsereka, Mswidishi adzavomereza kuti ndi strand, koma Mjeremani adzaona ngati mwamunamiza ndipo adzalemba zimenezo pa intaneti pamene ena amawerenga asanasungitse chipinda. Muganizirenso kuti nyanja yathu imakwera ndi kutsika. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kumiza mchenga ndi kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Dzina lolonjeza mchenga limafuna kuti mchengawo uzipezeka chaka chilichonse.

Chachitatu ndi Mngelezi, amene akaona Strand amaganiza za msewu wa ku London kapena za munthu wosowa kolowera, ndipo nthabwala yake ya stranded idzakutopetsani. Pamwamba pa apo, wofufuza pa Google dzina lokhala ndi Strand adzayamba waona mahotela a ku London, a ku Cape Town ndi a ku Germany, anu ali pansi penipeni.

Maganizo anga ndi akuti dzina lenileni likhale la Chichewa kapena la malo omwewo, lokhala ndi mawu ngati gombe, doko kapena mchenga, chifukwa mlendo wochoka ku Hamburg ku Germany sanawolokere nyanja kudzafuna dzina la kwawo, ndipo dzina lotero silipikisana ndi aliyense pa intaneti. Mawu a strand muwagwiritse ntchito pa mzere wofotokozera, m'chilankhulo cha amene mukumufuna: direkt am Strand kwa Mjeremani, aan het strand kwa Mdatchi, vid stranden kwa Mswidishi, ved stranden kwa wa ku Denmark ndi ku Norway. Mukasankhabe dzina lachizungu, lipitireni kwa eni chilankhulo awiri osadziwana, aliyense alitchule mokweza ndi kunena chimene chabwera m'mutu mwake asanaganize. Mkamwini wanu akhoza kukhala woyamba pa Chiswidishi, koma pa Chijeremani mufunse Mjeremani. Kenako, musanasindikize timapepala kapena kupentetsa khoma, kafufuzeni ku ofesi ya boma yolembetsa mayina a mabizinesi ngati dzinalo silinalembetsedwe kale ndi wina.